Nyesi ya pa chigongono yachokera kuti?

Wamagetsi wa ku Ndirande: Abale anga pa gulu pano ndithandizeni. M'mawa uno potsika minibasi ndagunditsa chigongono pa chitseko, nyesi n'kundigwira kuyambira pamenepo mpaka ku kachala kakang'ono. Nyesi ine ndimaidziwa, yandimenyapo kangapo pa ntchito, ndiye wina asandiuze kuti ndimalota. Magetsi amenewo achokera kuti? Injini inali yozimitsa kale.

Mayi a Mapasa: Kkkk achimwene, mwina kondakitala wakulodzani chifukwa cha chenje.

Wakabaza: N'zoona zimenezo bigi, nanenso ndikagunda pa felemu ya njinga dzanja limachita kufa kwa kanthawi.

Wamagetsi wa ku Ndirande: Nditafika kunyumba ndadzikhudza ndi tesita. Osayaka.

Mayi a Mapasa: Mpaka tesita!

Aphunzitsi Opuma: Simunalote bambo. Koma tiyambe tamvana mawu, poti Chichewa chathu chimati mtsempha pa zinthu zitatu. Pali wa magazi, umene anamwino amasakasaka akafuna kuika diripi. Pali wolimba uja wa mu nyama, wokanirira m'mano. Ndiye pali wachitatu, wonyamula uthenga, ndipo mwagundawo ndi umenewo. Dzina lake ndi ulnar, umadutsa kuseri kwa chigongono m'kangalande ka fupa, pansi pa khungu penipeni popanda mnofu woutchinga. Mkati mwake si mphako yodutsa magazi ayi, ndi mtolo wa tiulusi, ndipo kaulusi kalikonse ndi mchira wa selo limodzi lotchedwa neuron. Selolo lili ndi mutu, tinthambi tolandirira uthenga, ndi mchira umodzi wotumizira. Wina umachoka m'munsi mwa msana n'kukafika ku chala chachikulu cha kuphazi, pafupifupi mita yathunthu, selo limodzi lokha. Mu ubongo maselo otere alimo pafupifupi 86 biliyoni.

Wamagetsi wa ku Ndirande: Ndiye ndi mawaya basi aphunzitsi. Kebulo ya mawaya ambiri.

Aphunzitsi Opuma: Apo ndi pamene ana anga ambiri ankagwera pa MSCE. Waya wanu uja mukayatsa switchi babu limayaka pompo. Mtsempha wothamanga kwambiri m'thupi umayendetsa uthenga mamita 120 pa sekondi, ndipo ina imachita kukwawa, mita imodzi pa sekondi. Chifukwa chake n'chakuti zimene zikuyenda mu mtsempha n'zina. M'kati ndi kunja kwa selo muli madzi a mchere. Kunja kwachuluka sodiyamu, yemweyo wa mu mchere wa m'ndiwo, m'kati mwachuluka potaziyamu. Pa khungu la selolo pali timapampu tosagona, timatulutsa sodiyamu atatu n'kulowetsa potaziyamu awiri, usiku ndi usana. Selo likangokhala phee, m'kati mwake mumakhala negetivu poyerekeza ndi kunja, pafupifupi mamilivoti 70 (milivoti ndi kagawo kamodzi ka voti yogawidwa ka 1,000). Ndi batire lochajidwa kale, likungodikira.

Wamagetsi wa ku Ndirande: Mamilivoti 70? Batire la tochi ndi 1.5 volts, kuposa pamenepo maulendo 20 ndi kanthu. N'chifukwa chake tesita yanga yangondiyang'ana. Iyo inazolowera 230.

Aphunzitsi Opuma: Masamu simunaiwale. Tsono selo likakhudzidwa mokwanira, mpaka 70 uja atsike kufika cha pa 55, timakomo ta sodiyamu timatseguka, sodiyamu n'kukhamukira m'kati ngati anthu pa depoti geti likatsegulidwa. Pamalo pamenepo m'kati mumasanduka pozitivu, cha m'ma 30 kapena 40. Nthawi yomweyo timakomoto timatsekeka, ta potaziyamu n'kutseguka, potaziyamu n'kutuluka, malowo n'kubwerera mwakale. Zonsezi zimatha m'kagawo kamodzi kapena tiwiri ta sekondi yogawidwa ka 1,000. Koma kugwedezeka kwa pamalo pamenepo kumatsegula timakomo toyandikana nato, tomwenso timatsegula totsatira, mpaka kumapeto kwa mchira.

Amene munasakako mbewa mu Ogasiti mukudziwa moto wa m'tchire. Udzu uwu umayatsa udzu uwo. Moto umene wafika kutsidya kwa dambo ndi wamphamvu chimodzimodzi ndi umene munayatsa, chifukwa paliponse ukudya udzu watsopano. Ndipo subwerera m'mbuyo, kumbuyoko kwatsala lupsa. Mtsempha ndi choncho, kungoti lupsa lake limaphukanso usanaphethire n'komwe.

Wakabaza: Koma aphunzitsi inu, bwenzi mukutiphunzitsa chonchi kale lija bwenzi pano ndili dokotala.

Aphunzitsi Opuma: Ndinkaphunzitsa chonchi. Inu munkakhala kumbuyo pafupi ndi windo.

Mayi a Mapasa: Kkkkk wafa Wakabaza. Koma ine langa ndi ili. Dzulo ndinagwira chivundikiro cha poto wa nyemba, dzanja linachita kudzichotsa lokha, kuwawa kunabwera chivundikiro chili kale pansi chikuzungulira. Ngati uthenga ukuchedwa chonchi, ndani analamula dzanjalo?

Namwino Wausiku: Msana achemwali. Uthenga wa kutentha ukafika mu msana sudikira chilolezo cha ubongo. Pomwepo umadumphira ku selo lina lomwe limauza mnofu kuti koka dzanja, kwinaku kope lake likukwera kupita kumutu. Ubongo umamva nkhani mlandu utagamulidwa kale. Ndipo mukakumbukira bwino kuwawako kunabwera kawiri. Koyamba kobaya, ka msangamsanga, kenaka patapita sekondi kuwawa konyeka kuja kokhalitsa. Ndi mitsempha iwiri yosiyana, wina wa changu wina waulesi.

Mayi a Mapasa: Eee ndendende! Ngati ukapunthwa chala pa mwala, umayamba watukwana kenako ululu weniweni n'kumabwera.

Aphunzitsi Opuma: Kusiyana kwake ndi chikuto. Mitsempha ya changu inakulungidwa ndi mafuta otchedwa myelin, ndipo apa bambo wamagetsi mukhoza kunyada pang'ono chifukwa amagwiradi ntchito ngati pulasitiki wa pa waya. Koma sanakute ponse, anasiya timipata apa ndi apo. Ndiye moto uja m'malo modya udzu umodziumodzi umalumpha kuchoka pa kampata aka kupita pa kotsatira. Yopanda chikutoyo ndi imene imakwawa.

Wamagetsi wa ku Ndirande: Chabwino. Koma ngati moto wake ndi wofanana nthawi zonse, ubongo umasiyanitsa bwanji ntchentche ikatera pa mkono ndi pamene akazi anga anditsina?

Aphunzitsi Opuma: Ndi kagogodedwe. Mlendo waulemu amagogoda kamodzi n'kudikira. Wangongole amagogoda motsatizana osapumira, ndipo amabwera ndi anzake. Kugogoda kulikonse n'kofanana mphamvu, chimasiyana ndi kuchuluka kwake pa sekondi, komanso kuchuluka kwa tiulusi timene tadzuka.

Amalume a ku Joni: Ndangolowa kumene, ndaona mauthenga 40 ndimayesa kwagwa maliro. Koma izi azungu anaziona bwanji, poti m'thupi simuoneka?

Aphunzitsi Opuma: Anazunza achule malume. Luigi Galvani wa ku Bologna ku Italy ndi amene anaona miyendo ya achule akufa ikugwedezeka mtsempha ukakhudzidwa ndi magetsi, n'kulemba zimenezi mu 1791. Za sodiyamu ndi potaziyamu anazilongosola ndi Alan Hodgkin ndi Andrew Huxley a ku England mu 1952. Iwowa anapeza mwayi pa squid, kanyama ka m'nyanja ya mchere komwe kali ndi ulusi wa mtsempha wonenepa moti ankatha kulowetsamo kawaya n'kuyeza. Analandira mphoto ya Nobel mu 1963.

Koma zonse ndanenazi ndi theka la nkhani, ndipo kwa ine theka lotsalali ndiye lokoma. Mchira wa selo ukafika pa selo linzake sugundana nalo. Pamatsala kampata kakang'ono zedi, moti timipata totere 1,000 titasanjikizidwa sitingafike pa kunenepa kwa tsitsi limodzi. Malo amenewa amatchedwa synapse. Moto wathu uja wafika pa mtsinje, ndipo moto suwoloka madzi.

Mwana wa ku Nsanje: Kwathu ukafika pa Shire umakuwira wa bwato.

Aphunzitsi Opuma: Mwandilanda mawu m'kamwa. Kumapeto kwa mchira kuli timatumba todzaza mankhwala. Moto ukafika, timakomo ta mchere wina wotchedwa kashiamu timatseguka, kashiamu akalowa timatumbato timakhuthulira mankhwala m'kampata kaja. Mankhwalawo amawoloka n'kukalowa m'timaloko ta selo lakutsidya, ngati kiyi, aliyense loko wake. Loko akatseguka, kutsidyako moto ukhoza kuyamba. Ndiye m'kati mwa selo uthenga ndi wa magetsi, pakati pa selo ndi selo ndi wa mankhwala, kenako magetsi, kenako mankhwala, mpaka ufike.

Amene anatsimikiza zimenezi ndi Otto Loewi ku Graz, Austria, mu 1921. Mwini wake ankasimba kuti nzeruyi inamubwerera kutulo, anadzuka n'kulemba pa kapepala, m'mawa osatha kuwerenga zimene walemba. Usiku wotsatira italotekanso sanachitenso chibwana, anapita ku labu usiku womwewo. Anatenga mitima iwiri ya achule ikugundabe m'madzi a mchere. Woyamba anautekenya mtsempha wake ndi magetsi, mtima n'kuyamba kugunda pang'onopang'ono. Anatunga madzi a pa mtima umenewo n'kuthira pa wachiwiri, umene sanaukhudze ndi waya aliyense, nawonso n'kuchedwa. Ndiye kuti mtsempha unali utalavula kanthu m'madzimo. Kanthuko ndi acetylcholine, yemweyo amene akuuza minofu ya zala zanu kuti itaipe pano.

Mayi a Mapasa: Odi aphunzitsi, ndine mwana wawo wa amayiwa, ndabwereka foni, ndili Fomu 4. Ndinawerenga kuti si ma synapse onse a mankhwala, ena maselo amalumikizana ndi timipaipi ndipo magetsi amangodutsa. Ndiye munganene kuti moto suwoloka?

Aphunzitsi Opuma: Iwe mwanawe wandigwira. Alipodi, pamenepo pali mlatho, ndipo ndi achangu kwambiri. Koma mwa munthu ochuluka zedi ndi a bwato. Ukalembe zonse ziwiri, ndipo amayi ako akugulire yunitsi.

Wamagetsi wa ku Ndirande: Komatu ine monga wa ntchito zamanja sindikumvetsa. Bwanji osangolumikiza waya ku waya paliponse? Joini iliyonse ndi pochedwetsa, ndiponso ndi pamene folti imayambira.

Namwino Wausiku: Pa joinipo ndi pamene pali nzeru achimwene. Mabwato ena amanyamula uthenga woti yaka, monga glutamate. Ena amanyamula woti khala pansi, monga GABA. Selo limodzi limalandira mabwato masauzande nthawi imodzi, ena akuti tiye ena akuti ayi, ndiye limawerengera ngati bwalo la amfumu lisanagamule. Popanda oletsawo thupi silingayende. Amene anaonapo wodwala kafumbata akudziwa. Poizoni wa kachilombo kake amapita mu msana n'kukatseka pakamwa maselo oletsa aja, ndiye minofu imangomva kuti koka, koka, palibe woti siya. Nsagwada zimalumana, msana umapindikira kumbuyo, ngakhale chitseko chikangomenyetseka thupi lonse limakungika. Ndinasamalirapo mnyamata wotero, tinachita kumuika m'chipinda cha mdima n'kumayenda monyang'ama. N'chifukwa chake timakakamira katemera kwa amayi oyembekezera.

Koma pa folti mwanena zoona. Mankhwala ambiri ndi poizoni wambiri amagwira ntchito pa joini pomwepo.

Mlimi wa Tomato: Apa ndiye mwandikumbutsa zanga. Chaka chatha ndinkapopera tomato kudimba, dzuwa lili pamutu, sipuleya ikudontha kumsana, ine malaya ali chinyowere ndikuti ndimalize kaye mzere. Pofika kunyumba malovu ali chuchuchu osatha kumeza, thukuta, m'mimba mukupota, maso akuona mwa chifunga, minofu ya m'ntchafu ikungonjenjemera yokha ngati muli tinyama. Mayi akunyumba anathamangira mkaka. Mwamwayi mlamu wanga anati ayi, n'kundikweza njinga yamoto. Kuchipatala anandibaya jekeseni kambirimbiri mpaka kukamwa kunauma gwa.

Namwino Wausiku: Mlamu wanuyo mukamugulire nkhuku. Chinachitika ndi ichi. Acetylcholine akawoloka n'kupereka uthenga, pamakhala wosesa wake, enzyme yomwe imamuphwanya nthawi yomweyo kuti doko likhale loyera. Mankhwala ambiri ophera tizilombo, a gulu la organophosphate ndi carbamate, amamanga manja wosesayo. Tameki amene anthu amaphera makoswe ali m'gulu lomweli. Ndiye uthenga umodzi umangobwerezedwa osatha: tulutsa malovu, tulutsa thukuta, finya matumbo. Choopsa ndi m'mapapo, mumadzaza madzi munthu n'kumira ali pamtunda. Jekeseni uja mosakayika anali atropine, amakakhala pa timaloko tina kuti acetylcholine wochulukayo asowe polowa, n'chifukwa chake kukamwa kunauma. Abale, zikachitika muvuleni munthu zovala zonyowazo, musambitseni ndi sopo, musamusanzitse, mkaka suchotsa poizoni ameneyu, thamangani naye ndipo botolo la mankhwalawo munyamule.

Wakabaza: Nanga fodya? Ndili mwana tinkathyola fodya m'mawa mame asanaume, tinkachita chizungulire ndi nseru ngati taledzera.

Aphunzitsi Opuma: Nicotine ameneyo, analowera pakhungu. Ndi kiyi wabodza, amatsegula ena mwa maloko a acetylcholine. Njoka zina zimachita zosemphana, ululu wa mamba uli ndi zina zimene zimatseka loko wa pa mnofu, uthenga n'kumafika koma osalandiridwa. Zikope zimagwa, kenako munthu amalephera kupuma. Mphiri njira yake ndi ina, imatupitsa ndi kuoletsa mnofu. Ngakhale kambuzi amene mumathira pa chipisi amanamiza kaloko komva kutentha pa lilime, ubongo n'kumati kukamwa kwapsa pomwe palibe moto.

Amalume a ku Joni: Izi za achule ndi tomato ndavomera. Koma pali zina za kwathu zimene sayansi isamalowerere. Mwana wa mchemwali wanga amagwa khunyu, ndipo tonse tikudziwa kuti zinayamba atakangana ndi anthu ena za malire a munda.

Namwino Wausiku: Malume, ndikupatsani ulemu wonse, koma pamenepa ndiye ndilowerera. Khunyu ndi nkhani yomwe takhala tikukambayi. Maselo a mu ubongo amayenera kuyaka mosinthana, ena akuyankhula ena ali chete. Pa khunyu gulu lalikulu limayaka nthawi imodzi, oletsa aja n'kugonja, moto n'kufalikira. Pali makina otchedwa EEG amene amaika timawaya pamutu, namondwe ameneyu amaoneka pa pepala. Zoyambitsa zake zambiri timazidziwa: malungo a mu ubongo ali mwana, kubanika pobadwa, kuvulala m'mutu, meninjaitisi, ngakhale timphutsi ta nyongolotsi za nkhumba tikakakhazikika mu ubongo. Ndikufunseni, mwanayo asanayambe kugwa sanadwalepo malungo aakulu?

Amalume a ku Joni: Anagonekedwapo ali ndi zaka zinayi, anakomoka masiku awiri. Koma zimenezo zinatha kalekale.

Namwino Wausiku: Malungo anatha, chipsera chikhoza kutsala. Sindingagamule pa foni, koma apite naye kuchipatala akafotokoze mbiri imeneyo. Mankhwala alipo. Phenobarbitone amawonjezera mphamvu ya GABA, woletsa uja. Carbamazepine amagwira timakomo ta sodiyamu kuti tisamatseguke motsatizana mopenga. Ambiri akamamwa mosadumphitsa amasiya kugwa, koma osasiya okha mwadzidzidzi chifukwa kugwa kumabwerera mwaukali. Ndipo chonde, khunyu sapatsirana, kaya ndi thovu la kukamwa kaya ndi mpweya umene wodwala watulutsa. Ndatopa kumanga mabala a ana amene anagwera pamoto anthu ataima patali kuopa kutengera. Mukokereni kutali ndi moto, muikireni chofewa kumutu, kugwedezeka kukatha mugonekeni chammbali, supuni m'kamwa ayi.

Amalume a ku Joni: Mmm. Za munda sindikuzitaya, koma ndiwaimbira achemwali madzulo ano. Ya transipoti nditumiza.

Mayi a Mapasa: Zikomo malume, mwachita bwino.

Mwana wa ku Nsanje: Inu mukuti nyesi nyesi, mukudziwa kuti kwathu nyesi ndi nsomba? Ili ngati mlamba koma yonenepa, yoterera, ya ndevu. Ndili mnyamata ndinapisa dzanja mu ukonde m'bandakucha osaona, inandimenya mpaka ndinakhala pansi m'bwato, mkono wonse uli zii. Agogo anangoseka mpaka kutsokomola. Imeneyo mamilivoti 70 okha aphunzitsi?

Aphunzitsi Opuma: Imeneyo ndi ya bambo wamagetsi, ayankhe okha. Mabatire ang'onoang'ono ambiri mukawalumikiza mondondozana chimachitika n'chiyani?

Wamagetsi wa ku Ndirande: Siriizi! Mavoti amaphatikizana.

Aphunzitsi Opuma: Basi. Pansi pa khungu lake pali maselo ochuluka zedi osanjikizana, lililonse ndi kabatire kofooka ngati athu omwewa, koma mtsempha ukalamula onse amayaka limodzi, ndipo yaikulu imafika mavoti mazana angapo. Ife mabatire athu sitinawasanje choncho, aliyense amagwira yakeyake.

Wamagetsi wa ku Ndirande: Imeneyo ndiye tesita ikhoza kuyaka. Koma aphunzitsi mwandizungulitsa dziko lonse, Italy, Austria, Nsanje, funso langa lija lidakalipo. Ndagunda chigongono. Bwanji nyesi ndaimvera ku kachala, komwe sikunakhudzidwe ndi chilichonse?

Aphunzitsi Opuma: Chifukwa ubongo suona kumene moto wayambira, umangodziwa njira imene wafikira. Tiulusi ta mu ulnar tinachokera ku kachala kakang'ono ndi theka la chala choyandikana nacho. Chitseko chija chatifinya pakati pa njira, timakomo ta sodiyamu n'kutseguka mokakamizidwa, tonse nthawi imodzi mopanda dongosolo. Ubongo walandira phokoso pa laini ya kachala, ndiye wati vuto lili ku kachala. N'chimodzimodzi munthu wodulidwa mwendo amene amamva kuyabwa ku phazi lomwe kulibe. Dzanzi la mwendo mukakhalitsa pa mphasa pa maliro ndi m'bale wake: mtsempha wapanikizika, magazi ochepa akufikako, timapampu tija tafooka, ndipo mukaimirira umadzuka mobwebweta, ndiye tosingano tija.

Namwino Wausiku: Dzanzi la mphindi zochepa lisakudetseni nkhawa. Koma la kumapazi losatha, loyaka usiku, makamaka kwa a shuga kapena amene ali pa mankhwala a TB, limenelo bwerani nalo tilione.

Wamagetsi wa ku Ndirande: Ndayesa pompano kudina kangalande kaja ndi chala pang'onopang'ono. Chala chapakati chili bwinobwino, koma kakang'ono ndi theka la chinzakecho zayamba kunyerenyetsa. Theka lenileni, ngati wina wachita kulemba mzere ndi rula.

Wakabaza: Gulu lonse pano likudina zigongono, musakane.

Mayi a Mapasa: Ine ndadina mwamphamvu, foni yagwera mu ufa.